Dzina la pa paketi ya mpunga: mwini wake ndani pamaso pa lamulo?

Azakhali anga akhala akugulitsa mpunga ku Salima kwa zaka zoposa 10. Anayamba ndi ndowa ndi kambale koyezera pa Kamuzu Road. Mpamba utakula anayamba kupikula matumba kwa alimi a ku Lifuwu, nthawi zina mpaka ku sikimu ya Bua ku Nkhotakota, n'kumakapunthitsa ku makina, kupeta, kutola miyala ndi manja, kenako kulongedza m'mapaketi a makilogalamu 2 ndi 5. Paketi yawo inali yobiriwira, pakati pali bwato ndi munthu wopalasa, pamwamba dzina. Eni magolosale ku Lilongwe sankavutika n'kutchula dzinalo. Ankangoimba foni n'kunena kuti, "Mayi, titumizireni wa bwato uja."

Tsiku lina foni inabwera ndi mawu ena. Kasitomala wawo wakalekale anawafunsa kuti, "Mayi, mwayamba liti kutisakanizira? Mpungawu ndi wophwanyikaphwanyika, miyala ili mbwee, ndipo sukununkhira n'komwe." M'mawa mwake azakhali anakwera minibasi ya ku Lilongwe. Pa shelefu anapeza paketi yobiriwira, bwato lili pomwepo, wopalasa ali pomwepo, dzina litangosiyana chilembo chimodzi. Anazindikirira pa kamatidwe: pakamwa pa paketiyo panali popsa ndi pokhota, pamene iwo amamata mzere wowongoka.

Atabwerako anatsegula sutikesi, n'kutulutsa satifiketi ya bizinesi yokutidwa bwinobwino mu pulasitiki. "Mwanangu, tenga ichi tipite kupolisi. Dzinali ndinalembetsa ku boma." Nanenso ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Loya amene tinakamuona pambuyo pake anaiyang'ana satifiketiyo n'kutibwezera mwaulemu. Anati pepalalo ndi labwino, koma si la mlandu umenewu.

Pamenepa ndi pamene amalonda ambiri timapunthwira, ndiye ndifotokoze bwino. Munthu wa bizinesi amasunga mapepala angapo, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Satifiketi yolembetsa bizinesi, pansi pa lamulo la Business Registration Act la 2012, kapena ya kampani pansi pa Companies Act ya 2013, imauza boma kuti pali bizinesi yakuti, mwini wake ndi wakuti, imapezeka pakuti. Layisensi ya khonsolo imakulolani kutsegula chitseko cha shopu. Nambala ya MRA ndi ya msonkho. Chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards chimatsimikizira wogula kuti katunduyo anayesedwa ndipo akukwanira pa mlingo. COSOMA imayang'anira za oimba, olemba ndi ojambula. Pa mapepala onsewa palibe limene limanena kuti dzina ndi chithunzi cha pa paketi ndi zanu nokha pa msika. Limene limanena zimenezo ndi satifiketi ya chizindikiro cha malonda, chimene pa Chingerezi amati trademark. Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti mapepala awiriwa, la bizinesi ndi la chizindikiro, mwini nkhani wake wakhala ali mmodzi, ofesi ya Registrar General. Koma makaundula ake ndi awiri, mafomu ndi osiyana, ndipo kulowa mu kaundula mmodzi sikukulowetsani mu winayo.

Chizindikiro cha malonda ndi chilichonse chimene wogula amazindikirira kuti katunduyu ndi wa uje osati wa uje: mawu, zilembo, manambala, chithunzi, kapena zonsezi pamodzi. Lamulo limachiteteza pa zifukwa ziwiri zimene zimayendera limodzi. Wogulitsa asaberedwe mbiri imene waikhetsera thukuta, ndipo wogula asapusitsidwe. Mayi amene anagula paketi yabodza ija ankalipira mtengo wa mpunga wotoledwa miyala, koma kunyumba anakaphika zina.

Kwa zaka zambiri dziko lino linkayendera lamulo la Trade Marks Act la 1957, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Linalowedwa m'malo ndi Trademarks Act ya 2018, imene inayamba kugwira ntchito pa 1 October chaka chomwecho. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, kusintha kumodzi n'kofunika kwambiri. Lamulo lakale linkateteza zizindikiro za katundu yekha, zinthu zogwirika ndi manja. Latsopanoli linalowetsamo ntchito zothandiza anthu. Tsopano mwini malo ogona alendo ku Senga Bay, mwini lesitilanti pa boma la Nkhotakota, mwini maboti onyamula alendo, ngakhale mwini saluni, akhoza kulembetsa dzina lake ngati chizindikiro. Chitetezo chimakhala cha zaka 10, ndipo zikatha mumalipiranso n'kuwonjezera zina 10, mpaka kalekale ngati simukuiwala.

Koma si dzina lililonse limene lingalowe mu kaundula, ndipo apa ndi pamene azakhali anamva kuwawa kachiwiri. Dzina lawo linali mawu awiri ongotanthauza kuti mpungawo ndi wonunkhira ndipo ndi wa kunyanja. Kwa wogula ndi dzina lokoma. Kwa lamulo ndi dzina lofooka, chifukwa likungofotokoza katunduyo. Taganizani: boma litapatsa munthu mmodzi umwini wa mawu akuti "mpunga wabwino wa ku Salima", alimi onse a ku Lifuwu aziutchula chiyani mpunga wawo? Mawu onena mtundu wa katundu, ubwino wake, kuchuluka kwake kapena kumene wachokera ndi a tonse, ngati chitsime cha pamudzi. N'chifukwa chake palibe amene angalembetse mawu akuti Kilombero kapena Faya kukhala akeake pa mpunga. Amenewa ndi mayina a mitundu ya mbewu. Kilombero ndi dzinanso la mtsinje ndi chigwa cha ku Tanzania, ndipo mpungawo umalimidwa ku Karonga, ku Nkhotakota ndi kuno ku Salima. Mukhoza kulemba pa paketi kuti muli Kilombero, bola ngati mulidi Kilombero, koma simungaletse mnzanu kulemba chimodzimodzi. Wogulitsa usipa wouma naye sangatseke mawu akuti usipa.

Dzina lamphamvu ndi limene silinena kanthu za katunduyo mpaka mwini wake atalipatsa tanthauzo ndi ntchito yake. Mawu akuti Kodak anachita kupekedwa ndi George Eastman mu 1888, ndipo sankatanthauza chilichonse m'chilankhulo chilichonse. Apple ndi dzina la chipatso, koma pa kompyuta ndi foni ndi chizindikiro cholimba chifukwa chipatso ndi foni n'zosagwirizana. Wogulitsa zipatso sakanalitenga. Kwathu kuno, mukamva Sobo kapena Nali, palibe mawu ofotokoza zakumwa kapena tsabola m'mayinawo, koma aliyense amadziwa botolo lake. Choncho bwato la pa paketi ya azakhali linali lamphamvu kuposa dzina lawo. Bwato silifotokoza mpunga, ndipo makasitomala anali atasankha kale kuutchula "wa bwato". Ine ndimaona kuti amalonda ambiri amataya nthawi kufunafuna dzina lotamanda katundu, pamene chofunika ndi dzina loti munthu akalimva kamodzi asalisokoneze ndi lina.

Pali zinanso zimene Registrar amakana: chizindikiro chonamiza anthu, monga kulemba Karonga pa mpunga wolimidwa kwina, mawu otukwana kapena onyoza chikhalidwe, mbendera ndi chidindo cha dziko, komanso dzina lofanana kapena loyandikana kwambiri ndi limene wina analembetsa kale pa katundu wofanana. Kusintha chilembo chimodzi sikupulumutsa munthu. Funso limene amafunsa ndi lakuti, kodi wogula wamba, amene walowa mu golosale madzulo ali wotopa, mwana ali kumbuyo, ndipo sakuyerekeza mapaketi awiri pambalipambali koma akungodalira zimene akukumbukira, angasokonezeke? Amayang'ana maonekedwe, kamvekedwe ka dzina likamatchulidwa, ndi tanthauzo lake. Mayina otchuka kwambiri ali ndi chitetezo chinanso chapadera, ndiye amene amaganiza zokongoletsa shopu yake ndi dzina la kampani yaikulu ya kunja poti eni ake ali kutali, akudziputira mlandu.

Ndipatuke pang'ono. Kuno timati "ndigaireni Colgate" ngakhale mankhwala otsukira mano ali a kampani ina, ndipo sopo aliyense wa ufa timamutcha Surf. Zimaoneka ngati ulemu kwa eni mayinawo, koma maloya awo sagona nazo tulo. Dzina likasanduka mawu wamba otchulira katundu yense wa mtundu umenewo, likhoza kutaya chitetezo. Ku America mawu akuti escalator, masitepe oyenda okha aja, anali chizindikiro cha kampani ya Otis, koma mu 1950 anagamulidwa kuti asanduka mawu a aliyense.

Tsopano za magulu. Simulembetsa dzina kuti likhale lanu pa chilichonse cha pansi pa thambo. Mumalilembetsa pa katundu kapena ntchito zimene mwatchula, motsata ndondomeko imene maiko anagwirizana mu mzinda wa Nice ku France mu 1957. Lero magulu alipo 45: a katundu 34, a ntchito 11. Mpunga, ufa, shuga, tiyi, khofi ndi uchi zili mu gulu 30. Nsomba zouma kapena zowamba, mafuta ophikira ndi chiponde zili mu gulu 29. Mbewu zosakonzedwa ndi nsomba zamoyo zili mu 31, madzi a m'mabotolo ndi zakumwa zosaledzeretsa mu 32, malo ogona ndi odyera mu 43, zamtengatenga mu 39. Munthu amene lero akulongedza mpunga koma chaka chamawa akufuna kuyamba chiponde kapena usipa wa m'mapaketi, aganizire magulu awiri, 29 ndi 30, podziwa kuti gulu lililonse lili ndi malipiro ake.

Kalembetsedwe kake si kovuta kumvetsa, kungoti kamafuna kudekha. Choyamba ndi kufufuza mu kaundula ngati dzinalo kapena lofanana nalo lilimo kale. Chitani zimenezi musanasindikize paketi ngakhale imodzi, musanalembe chikwangwani, musanapente khoma la shopu. Safunsa anadya phula. Kenako mumadzaza fomu, kuikapo chithunzi cha chizindikirocho ndi mndandanda wa katundu, n'kulipira. Tsiku limene pempho lalandiridwa ndi lofunika kwambiri, chifukwa anthu awiri akamalimbirana dzina limodzi, amene anayamba kupereka pempho ndiye amakhala patsogolo. Registrar amaunika pempholo, ndipo akakhutira amalilengeza poyera kuti amene ali ndi dandaulo atsutse mu nthawi yoikika. Popanda wotsutsa, satifiketi imatuluka. Zimatenga miyezi, osati masiku. Mukudikira mukhoza kulemba ™ pambali pa dzina, kusonyeza kuti mukulitenga ngati chizindikiro chanu. Koma kachilembo ka ® nkololedwa pokhapokha satifiketi itatuluka, ndipo kukaika musanalembetse n'kulakwira lamulo. Ndaona mapaketi pa misika yathu ali ndi ® chifukwa chakuti wojambula anaona kuti kakukongoletsa.

Nkhani ya wojambulayo ndiyofunika kuikhalira pansi. Bwato la azakhali linajambulidwa pa kompyuta ndi mnyamata wina pa kashopu kosindikiza, ndipo anamulipira pamanja popanda kulemberana kanthu. Chithunzicho chinatsala mu kompyuta imeneyo, kenako chinayenda pa WhatsApp kupita kwa osindikiza mapaketi. Chinadutsa m'manja angati, palibe anawerenga. Masiku ano wokopera safunika luso, amangofunika failo. Mukajambulitsa chizindikiro, lemberanani kapepala kosainirana konena kuti chithunzicho mwachigula chonse ndipo wojambula sadzachipereka kwa wina. Ganizaninso bwino dzina la munthu amene alembedwe ngati mwini. Mabizinesi athu ambiri ndi apabanja: mpamba unachokera kwa achimwene a ku Joni, wogwira ntchito ndi mlongo wawo, wopita ku ofesi kukasaina ndi mphwawo wodziwa Chingerezi. Pamaso pa lamulo, mwini chizindikiro ndi amene walembedwa mu kaundula. Chizindikiro ndi chuma ngati munda kapena nyumba: chimagulitsidwa, chimabwereketsedwa kwa wina pa mgwirizano wolipira, ndipo mwini wake akamwalira chimalowa mu chuma chamasiye.

Satifiketi ikatuluka, musayembekezere kuti boma liziyendayenda m'misika kukulonderani dzina. Mlonda ndinu nomwe, pamodzi ndi makasitomala anu. Mukapeza paketi yabodza, musayambe ndi kulalata pa Facebook. Gulani paketi imodzi kapena ziwiri, tengani lisiti, jambulani shelefu, lembani tsiku ndi malo. Kawirikawiri loya amayamba ndi kalata yolamula wokoperayo kuti asiye, ndipo milandu yambiri imathera pamenepo chifukwa wokopera amadziwa yekha kuti alibe poimira. Akakana, nkhani imapita ku High Court, imene ili ndi nthambi yoona milandu ya zamalonda. Khoti likhoza kupereka chiletso choti asiye kugulitsa, kulamula chipukutamisozi, ndi kulamula kuti mapaketi abodzawo achotsedwe pa msika. Kupanga dala katundu wachinyengo pa chizindikiro cholembetsedwa ndi mlandunso umene boma limazenga. Ndipo dzina mukalilembetsa muzilitumikira: likangokhala mu kaundula zaka 5 zotsatizana osagwiritsidwa ntchito, wina akhoza kupempha kuti lifufutidwe.

Nanga amene sanalembetse, ngati azakhali, ndiye kuti alibe pogwira? Pogwira palipo, koma ndi poterera. Malamulo amene tinatengera ku England amaletsa munthu kugulitsa katundu wake modzionetsa ngati ndi wa wina; maloya amati passing off. Kuti mupambane muyenera kutsimikizira khoti zinthu zitatu: kuti anthu amazindikiradi katundu wanu ndi dzina kapena maonekedwe amenewo, kuti mnzanuyo akuwasocheretsa, ndiponso kuti mwaluza kapena muluza nazo. Wa satifiketi amangoiika patebulo. Wopanda satifiketi amayenera kusonkhanitsa malisiti a zaka zambiri, mabuku a malonda, ndi eni magolosale ovomera kutseka shopu tsiku lonse kukaperekera umboni. Azakhali malonda awo ambiri ankalemba mu kope la sukulu, ena osalemba n'komwe. Loya atawerengera ndalama za mlandu wotero, zinaposa phindu la mpunga wa nyengo yonse. Apa ndinene zakukhosi: lamuloli ndi labwino, koma lili kutali ndi anthu amene akulifuna kwambiri. Kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, wa ku Dwangwa ndiye ulendo wake ndi wautali kuposa apo, ndipo pa maphunziro a bizinesi amene amayi a m'magulu amaitanidwako, amaphunzitsidwa kusunga ndalama ndi kulongedza bwino, koma za umwini wa dzina sizimveka kawirikawiri.

Satifiketi ya Malawi mphamvu yake imathera pa chipata cha Mchinji, Dedza, Mwanza ndi Songwe. Wofuna kugulitsa kunja ali ndi njira zingapo. Bungwe la ARIPO, la maiko a mu Africa loona za umwini wa zizindikiro ndi luso, limene likulu lake lili ku Harare, limalandira pempho limodzi lofikira maiko amene ali mu mgwirizano wa Banjul Protocol, monga Zimbabwe, Botswana, Mozambique ndi Malawi yemwe. Kuyambira pa 25 December 2018 dziko lino lilinso mu Madrid Protocol, imene imayendetsedwa ku Geneva ndi WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa zizindikiro ndi luso, ndipo imafikira maiko oposa 100. South Africa, kumene mpunga wathu umapita kwambiri pa mabasi, sili mu ARIPO. Kumeneko dzina limalembetsedwa ku ofesi yawo ya CIPC.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo mu lamulo la 2018 ndi mbali yokhudza magulu. Mlimi mmodzi wa pa sikimu sangakwanitse loya, koma kopaletivi ya alimi ikhoza kulembetsa chizindikiro chimodzi cha gulu lonse, n'kuika malamulo ake: mbewu yake ikhale iyi, uume kufika apa, wosakaniza achotsedwe. Lamulo lomweli limazindikiranso mayina a malo amene katundu wake amadziwika ndi dera lochokera, monga Champagne ku France kapena tiyi wa Darjeeling ku India. Dzina lotere silikhala la munthu mmodzi koma la onse olima m'deralo motsata mwambo wake. Maiko anzathu anazimenyera nkhondo zimenezi. Ethiopia inakangana ndi kampani ya Starbucks pa mayina a khofi wa Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe mpaka anagwirizana mu 2007. Mawu akuti rooibos, tiyi wa ku South Africa, anali atalembetsedwa ku America ngati chizindikiro cha kampani imodzi, ndipo zinatengera mkangano wa zaka zingapo kuti amasulidwe mu 2005. Mu 2021 European Union inavomereza kuti dzinali ndi la tiyi wochokera ku South Africa kokha. Ndikaona mpunga wa ku Bua ndi ku Lifuwu ukukwezedwa pa malole m'matumba opanda dzina, n'kukalongedzedwa m'tauni pa dzina la wina, ndimaona kuti mbiri ya minda yathu ikupindulira amene sanapondeko m'matope.

Azakhali sanapite kukhoti. Anasankha dzina latsopano, limene agogo awo ankawatchula ali mwana, mawu osapezeka pa paketi ina iliyonse. Tinafufuza mu kaundula, tinapereka pempho mu gulu 30 pa dzina lawo iwo eni, ndipo bwato linajambulidwanso mwatsopano ndi wojambula amene anasainira kapepala. Anayenda okha golosale ndi golosale ku Lilongwe, atanyamula paketi yatsopano m'chikwama, kuuza eni ake kuti wa bwato weniweni tsopano ndi uyu, ayang'ane dzina ndi kamatidwe. Ena anabwerera msanga, awiri sanaodenso mpaka lero. Mapaketi akale obiriwira, amene anali atangosindikizidwa kumene, akadali m'katoni kuseri kwa chitseko cha mosungira mpunga, ndipo lisiti ya ku ofesi yokhala ndi nambala ya pempho ili mu sutikesi muja, mu pulasitiki imodzi ndi satifiketi ya bizinesi.